Mchere mu Msuzi wa Mlamba

A Medisoni anaika supuni pansi n'kumuyang'anitsitsa mkazi wawo, Dailesi.

Chibwerereni ku Harare, kumene madokotala anawajambula khosi n'kuotcha chotupa ndi makina, kukamwa kwawo kunali kutafa. Chilichonse chinkangomveka ngati dothi la padoko la Kachulu. Msuzi wa mlamba ankangoumeza kuti mkazi asadandaule.

"Amake Jenifa," ananong'ona, poti mawu anali asanabwerere bwino, "mcherewu mwachita kukhuthula thumba lonse?"

Dailesi anakhala pamkeka. Masiku onsewa ankauchulutsa dala mcherewo kuti aone ngati angaumve, bambowo osanena kanthu. Anayamba kuseka, misozi akupukuta ndi chitenje cha chipani.

"Mwaumvadi?"

"Ndaumva, wachita kuwawa. Tandionjezerani msuziwo."