Kamtengo ka Pafupi ndi Guwa

"Kodi pulasitiki akufuna chiyani m'nyumba ya Mulungu?"

Amayi amene ankakolopa m'tchalitchi Loweruka limenelo sanadzutse n'komwe mitu. Anali ataphunzira kale kuti ukayankha funso la mtsikanayu umalandira ulaliki wautali kuposa wa Bambo Mfumu, wopanda ngakhale nyimbo pakati.

Dzina lake la ubatizo linali litaiwalika. Parishi yonse inkangomutchula kuti Achilengedwe. Anali ndi digiri ya zosamalira chilengedwe, yomwe inkapuma bwinobwino m'sutikesi pansi pa bedi podikira ntchito. Ali chaka chomaliza ku yunivesite, mayeso atamufika m'khosi, anagwada n'kulonjeza Mulungu kuti akakhoza adzateteza zolengedwa zake moyo wake wonse. Mulungu anachita mbali yake. Mtsikanayo anayambira yake pa parishi.

Anathetsa majumbo obweretsera zopereka. Anathetsa makapu ongomwera n'kutaya pa misonkhano ya kwaya. Ngakhale mayi ake omubereka sanawasiye. M'mawa uliwonse mayiwo ankapita kutchalitchi atanyamula madzi m'botolo lapulasitiki, ndipo m'mawa uliwonse ankauzidwa kuti botololo lidzakhalapobe zidzukulu za zidzukulu zawo zitatha.

"Ndamva, aphunzitsi," ankatero mayiwo, n'kutuluka nalo botolo lawo.

Tsopano tsiku lalikulu linali litafika pakhomo. Bambo Mfumu anali atamulola kuyankhula pa Misa yachiwiri, nthawi ya zolengeza, kuti auze akhristu kuti tchalitchi chawo chayera, mulibenso pulasitiki. Diresi anali atasita kale. Mawu ake anali atayeserera pagalasi, mpaka malo oti adzaime kaye anthu aombe m'manja. Kunalinso mphekesera yoti ku dayosizi akufuna munthu woyang'anira zachilengedwe, ndipo dzina lidzachokera pakamwa pa Bambo Mfumu. Iye ankadziuza kuti zimenezo sizikumukhudza. Ankadziuza zimenezi kawirikawiri.

Asisiteri okalamba amene ankayang'anira za m'tchalitchi anali m'chipatala, ndiye panalibe womuletsa kusuzumira ngodya iliyonse komaliza. Apa m'pamene anakumana ndi mdaniyo maso ndi maso.

Kanali kamtengo kofika pachifuwa, mumphika waukulu, pakati pa guwa ndi zenera. Anali atakadutsa kambirimbiri osakayang'anitsitsa. Masamba ake anali akuluakulu, okhuthala, onyezimira ngati nsapato za mkwati. Panalibe tsamba lachikasu. Panalibe pamene mbozi inalawapo. Ngakhale fumbi, lomwe siliopa chifanizo cha woyera aliyense, apa linali litalambalala. Anagwira tsamba limodzi: loterera, lozizira, lolimba. Anamwetulira ngati munthu amene sukulu yake sinapite pachabe. Chamoyo sichikhala changwiro chonchi. Pamwamba pa mphikawo anayalapo timiyala toyera, ndithu pofuna kubisa simenti. Opanga ake anali akatswiri, anachita kukapendeketsa pang'ono ngati kakutsata dzuwa.

Anaganiza za mawa. Iye ataima kutsogolo, diresi ili mbee, akulengeza kuti pulasitiki watha, kumbuyo kwake bodza lili ngwee kunyezimira. Wapampando wa kwaya, amene nkhani ya makapu ija inali isanamuchoke mumtima, sakanachitira mwina koma kuloza. Anthu akanaseka mpaka pa nyimbo yotulukira. Ndipo Mulungu, amene anamva lonjezo lija, akanaona kuti mwana wake wagonja kwa kamtengo ka m'sitolo.

"Amayi, thumba la zinyalala lija lili kuti?"

"Kuseri kwa chitseko," anayankha mayi ake akufinya chikolopa, osatembenuka. "Ndipo usatipondere pamene takolopa. Digiri siiumitsa pansi."

Amayi enawo anaseka chamumtima, misana ili chiweramire.

Mphikawo unali wolemera, zomwe zinangotsimikiza za simenti ija. Anaukhwekhwereza pang'onopang'ono mpaka pakhomo la sakristiya, chipinda chovalira ansembe, thukuta lili kamukamu. Anaona kuti uku ndiye kunyamula mtanda kumene amanena kuja, ndipo anadandaula pang'ono kuti palibe amene akumuona.

Kamtengoko kanakana kulowa m'thumba. Anakapinda, kanabwerera. Anakapindanso, kanamumenya tsamba kumaso. Pulasitiki wabwino, anaganiza choncho, wakunja weniweni. Anatembenukira ku tabernakulo, anagwada pang'ono kupepeseratu Ambuye chifukwa cha phokoso, anachita chizindikiro cha mtanda. Kenako anagwira thunthu ndi manja awiri n'kuikapo bondo.

Thyo!

Phokosolo linayenda m'tchalitchi monse. Zikolopa zinaima. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, amayi onse anadzutsa mitu n'kumuyang'ana.

Pothyokapo panayamba kutuluka utomoni woyera ngati mkaka, womata, ukutsetserekera m'zala zake.

"Mayo ine," anatero mayi ake motsitsa mawu. "Kamtengo ka Asisiteri, kamene anadzala chaka chimene unabatizidwa iwe. Popita kuchipatala anandigwira dzanja kuti ndizikathirira, ndipo mawa akubwera ku Misa yachiwiri."

Anaika chikolopa m'ndowa, anapukuta manja bwinobwino, n'kutenga kachikwama kawo.

"Ine mawa ndipita ku Misa yoyamba."