Mphunzitsi Nambala Wani

"Ameneyu tikapanda kumupeza, chaka chino sachimaliza ali m'kalasi," anatero Pulofesa Tuulikki Rautio, akuponya pepala patebulo la Jorma, mnzake wochita naye kafukufuku.

Kwa zaka makumi awiri, Tuulikki wakhala akusula aphunzitsi ku Finland ndi kufufuza zomwe zimawatopetsa. Ulendo uno aphunzitsi mazana asanu anayankha mafunso ake osalemba maina, aliyense n'kupatsidwa nambala, koma mayankho a nambala wani anamuimitsa mutu. Munthuyo amagona maola anayi, amadyera pakompyuta, ndipo kutchuthi cha Julaye sanapite.

"Takhala pansi, khofi wako akuzizira," anatero Jorma.

"Munthu akutha, iwe ukukamba za khofi? Tamufunsa kuti anaseka liti komaliza, walemba kuti sakukumbuka. Anzake kuntchito alibe maso?"

"Malamulo satilola kufufuza dzina lake."

"Ndikapempha chilolezo lero lomwe." Anali akuzungulirazungulira m'ofesimo, foni ili m'manja.

Jorma anatola pepala lija n'kuliyang'anitsitsa.

"Tuulikki, mayankho awa analowa mu Januwale. M'masukulu mafunso tinawatumiza mu Febuluwale."

Tuulikki anaima.

"Unati uyambe wayankha wekha, uone ngati fomu ikugwira ntchito. Tinaiwala kufufuta mayankho akowo," anapitiriza Jorma.

Tuulikki anawerenganso pepala lonse, pang'onopang'ono, mpaka mzere womaliza. Kenako anayang'ana wotchi n'kutola chikwama chake.

"Mufufute ameneyo, akutisokonezera zotsatira," anatero ali kale pakhomo. "Ndachedwa kumsonkhano."