Matabwa Amene a Zefaniya Anawatsekera ndi Njerwa

Panali munthu wina cha kumtunda kwa Bembeke, dzina lake a Zefaniya. Akuti zimenezi zinachitikadi m'chaka cha 1983, ndipo amene anandiuza amaidziwa nyumba yake. Zaka zimenezo aliyense ankayamba wayang'ana kumbuyo asanalankhule, koma a Zefaniya ankachita kuonjeza. Munthu akawapatsa moni kawiri, iwo ankati ameneyu pali chimene akufuna.

Bambowa anali ndi mitengo ya paini makumi awiri imene anadzala ali mnyamata, akugwira ntchito m'nkhalango ya kuphiri la Dedza. Chuma chawo chonse chinali chomwecho. Nyumba ya njerwa anali atamanga, malata atagula, chotsala chinali matabwa a denga basi. Akazi awo, mayi Jestina, anali atatopa nako kanyumba ka udzu kamene kankadontha ngati dengu.

M'mudzi woyandikana nawo munali a Ezara, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi makina ochekera matabwa, a injini, onyamulika pa ngolo ya ng'ombe. Kucheka sinali ntchito yawo, ankangokukonda. Loweruka lililonse ankapita kwa munthu amene ali ndi mitengo, mwiniwake n'kungogula mafuta a injini.

"Munthu angachekere mnzake ulere?" anatero a Zefaniya. "Ameneyu akuzonda mitengo ya anthu."

"Nanga muchekera mano?" anayankha mayi Jestina. "Aitaneni abwere."

Anawaitana, koma monyinyirika. Loweruka lililonse la mwezi wa Meyi makina ankalira kumunda kwa a Zefaniya, eni mitengowo ali chilili pambali pake, diso pa thabwa lililonse, utuchi uli mbuu m'mutu, osachoka ngakhale kukamwa madzi.

Tsiku lomaliza a Ezara anazimitsa injini n'kunena kuti, "Achimwene, matabwawa ndi aawisi, adzaza madzi. Muwasanje panja pamthunzi. Pansi muike miyala, ndipo pakati pa thabwa ndi thabwa muziika timitengo kuti mphepo izidutsa. Pofika Okutobala adzakhala atauma gwa. Ndizibwera kudzawaona."

A Zefaniya anathokoza ndi pakamwa pokha. Ngolo itangokhota, anatembenukira kwa akazi awo.

"Mwadzimvera nokha? Akuti panja. Akutinso azibwera. Ngolo yonyamulira ali nayo kale."

"Munthuyu wacheka matabwa ambiri kuposa inu," anatero mayi Jestina. "Mukanamumvera."

Koma ayi ndithu. A Zefaniya anatuta matabwa onse n'kukawaunjika m'chipinda chachikulu cha nyumba yatsopano ija, pa dothi penipeni, thabwa pamwamba pa thabwa linzake, osasiya mpata ngakhale wa chala. Pamwamba pa chipindacho anayala malata aja n'kutsindira ndi miyala. Zenera ndi khomo anatseka ndi njerwa, n'kumata ndi matope. Kenako anasankha matabwa asanu ndi limodzi a mfundo zambiri, n'kuwalemba chizindikiro kuseri, n'kuwayedzeka pa mtengo wa pichesi pafupi ndi njira. Imeneyo inali nyambo yogwirira wakuba. M'mawa uliwonse ankayamba kukasuzumira nyamboyo asanasambe kumaso.

Mu Julaye a Ezara anadutsa pa njinga.

"Matabwa aja akuuma bwanji, achimwene?"

"Ali bwino."

"Mwawasanja kuti? Ndikungoona ochepawa."

"Ali kumene ali."

A Ezara anagwedeza mutu n'kupalasa njinga yawo. A Zefaniya anakondwa kwambiri, poganiza kuti amupusitsa wakuba.

Patapita masabata angapo mayi Jestina anati, "Bambo, m'nyumba muja mukutuluka fungo ngati la chinangwa choviika. Tatsegulani tione."

"Akutumani eti?" anakalipa a Zefaniya. Mayiwo mtima unawawawa.

Okutobala atatsala pang'ono kutha, mitambo itayamba kusonkhana paphiri, a Zefaniya anaitana kalipentala kuti adzakhome denga. Anagumula njerwa za pakhomo paja monyadira, mayi Jestina ali pomwepo. Fungo limene linatuluka linawabweza m'mbuyo onse atatu. Matabwa anali bii ndi nkhungu, atamatana. Apamwamba anali atapindika ngati uta. Apansi chiswe chinali chitamangamo mudzi. Kalipentala anatenga msomali n'kuubaya pa thabwa lina ndi dzanja lokha, msomali n'kulowa wonse.

"Pano palibe thabwa la denga, bambo," anatero. "Ngakhale nkhumba zingalikane khola la matabwa amenewa."

A Zefaniya anakhala pansi, manja ali m'mutu. Mitengo ya zaka makumi awiri inathera pomwepo, ndipo kumunda kunatsala zitsa zokhazokha.

Kalipentala potuluka anaona matabwa aja a pa mtengo wa pichesi. Anali onse, palibe limene linasowa. Anagogoda limodzi, linalira bwino.

"Awa ndiye auma bwino zedi. Anawasanja ndani? Kungoti ndi ochepa. Angakwane chitseko chokha."

Mayi Jestina anayang'ana nyumba yopanda denga ija, n'kuyang'ana mitambo, kenako amuna awo.

"Chitseko chapezeka, a Zefaniya," anatero. "Kagulenitu loko wamkulu, akuba angatibere mvula."

Mvula ya chaka chimenecho inawapeza m'kanyumba ka udzu komwe kaja.

Phunziro: Sikuti aliyense wokuchitira zabwino akufuna kukubera. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kukayikira aliyense kumawononga zinthu zimene wakuba sakanazikhudza n'komwe. Uthengawu musausunge ngati matabwa a a Zefaniya, utumizeni kwa abale ndi anzanu kuti nawonso auwerenge.