Makumba a Masiye

Wezulo yotseka mpikisano inalira Foster ali chiimire pansi pa kanjedza, manja m'matumba a yunifomu, maso ali pa a Masiye.

Linali Lachisanu la mu Januwale wa 2003, tsiku lopuma ku Dubai, ndipo chifunga cha m'mawa chinali chitasiya kamphepo kobaya m'makutu. Azungu a kalabu ya owedza anali atazungulira damu la pabwalo la gofu, aliyense pamalo amene maere anamugwetsera, aliyense ndi ukonde wake wautali womira m'madzi, mosungira nsomba. Kumapeto kwenikweni, kumene damu limakhota, kunali a Masiye, dalaivala wa ku Chipata, wantchito woyamba kuloledwa kuponya mbedza pamenepo.

Ntchito ya Foster inali kuthamangitsa anthu ngati a Masiyewo. Chibwerereni kuchoka ku Liwonde miyezi yapitayo, mlondayu anali atalanda mbedza za Amalawi anzake otchetcha kapinga, za Anepali, za Abangali. Madzulo ankakwera nawo basi imodzi ya kampani, nkhope atailozetsa kuwindo ulendo wonse. Mpando woyandikana naye unkakhala wopanda munthu.

Ndiye bwana wa a Masiye, mmodzi wa azungu a kalabuyo, anavutitsa komiti mpaka inalola. Dalaivala ayesedwe kamodzi. Akatsata malamulo, antchito onse aziwedza nawo nyengo yozizira iliyonse. Akalakwitsa, nkhani yathera pomwepo. Foster atamva, anapempha yekha shifiti ya tsikulo, ngakhale mpikisano woterowo anali asanauonepo. Ankafuna kudzakwera basi ali ndi nkhani yabwino m'kamwa.

Ndipo madalawo anawedza! Ndodo yobwereka, chipewa cha ubweya, atakhala pachidebe cha penti pamene anzawo anali pamabokosi onyezimira. Makumba ankangobwera motsatizana, pomwe mzungu woyandikana nawo ankangosintha nyambo n'kumatukwana chamumtima.

Wezulo itangotha, mawu a bwana wawo anachokera kutsidya: "Masiye! Yalla, fulumira, katundu kugalimoto!"

A Masiye anaika ndodo pansi n'kuthamanga, munthu wa imvi, chipewa chili m'manja. Foster anayang'ana kumbali. Nkhope inamutentha ngati kuti woitanidwayo anali iye.

Kuyeza nsomba pa sikelo kunayambira kutsidya lina, kuseri kwa mabango, kosaoneka. Foster anasendera pamalo a a Masiye n'kukoka ukonde. Unalemera mpaka msana unalira. Ankawadziwa azungu amenewa. Adzafika kuno atatopa, adzasuzumira mu ukonde wamatope, n'kutchula nambala ya m'mutu mwawo, mwini wake ali kalikiliki kusenza mabokosi. Ayi, osati lero. Lero aziona ndi maso, imodziimodzi.

Anamasula chingwe cha pachidebe. Monga amachitira ogulitsa nsomba pa mlatho wa ku Liwonde, anatsuka iliyonse, n'kuitunga kukamwa, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Zinaphiriphitha, kenako zinakhala bata. Anaupachika mtungowo patsinde la kanjedza pomwe dzuwa linkawomba, mamba ali waliwali. Anapukuta manja mu kapinga n'kubwerera pamalo ake, chifuwa chili patsogolo.

Gulu linatulukira, patsogolo pali a Maurice, mkulu wa komiti, sikelo ili paphewa. Atafika pakanjedza anaima. Kuseka konse kunatha. Sikelo sanaitsitse n'komwe. Anayang'ana mtungo uja, anayang'ana bwana wa a Masiye, n'kupukusa mutu.

"Izi sitiyeza," anatero m'Chingerezi. "Ndipo zoti antchito aziwedza zija, khalas, zathera pano."

Foster sanadziwe kuti wafika liti pakati pawo.

"Simuyeza chifukwa chiyani, bwana?" Chingerezi chake chodziphunzitsa chinkatuluka chothyokathyoka, koma chinkatuluka. "Chifukwa ndi dalaivala? Za anzanu mwayeza zonse! Ziwerengeni pano, tonse tikuona!"

A Maurice anatsegula pakamwa, koma Foster sanawapatse mpata.

"Damu ili anakumba ndani? Amachotsamo zinyalala ndani? Mwandisandutsa galu wolusira abale anga, mpaka m'basi palibe wondipatsa moni. Lero dalaivala wakuposani ndi ndodo yobwereka, mwayamba kupukusa mitu. Ndichotseni ntchito ngati mukufuna, koma sikelo itsike!"

Otchetcha kapinga anali atazimitsa makina awo n'kuyandikira. Mnepali wina, yemwe Foster anamulanda mbedza mwezi wathawo, anagwedeza mutu movomereza. Wina wa ku Mulanje anakuwa chakumbuyo: "Auze, aise!" Kwa nthawi yoyamba m'dziko lino, Foster anamva kuti ali ndi anthu kumsana kwake.

Dzanja linamugwira mkono wa malaya. Anali a Masiye, ali wefuwefu kuchokera koimika magalimoto. Sankayang'ana azungu. Ankayang'ana pakanjedza.

"Madala, musaope," anatero Foster m'Chichewa. "Lero ndikuimirirani ine."

"Leka, mphwanga, azunguwa sanalakwe," anatero a Masiye motsitsa mawu, koma antchito onse anamva. "Kuno nsomba imapimidwa yamoyo n'kubwezedwa m'madzi. Ikafa ngakhale imodzi, watuluka mumpikisano. Pali mdani wandiphera zonse. Iwe ndiwe mlonda, unali pompano. Sunamuone?"

Maso onse anatembenukira kwa Foster. Iye anabisa manja kumbuyo, koma kamphepo kanali katanyamula kale fungo la nsomba la m'manjamo.