Siponji Yosapsa ya a Gladson

Panali munthu wina dzina lake a Gladson, amene ankagwira ntchito ya m'maluwa pa nyumba ina ya mpanda ku Area 10. Nkhaniyi inachokera kwa mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo iye amalumbira kuti ndi yoona.

Tsiku lina madamu a panyumbapo anatulutsa masofa akale kuti akatayidwe. A Gladson anatengako imodzi kukaitentha kuseri. Nsalu inapsa, matabwa anapsa, koma siponji ya m'kati inkangonyeka pang'ono n'kuzima yokha. Bamboyu analinso wachidwi ndi kalikonse. Anayatsa machesi. Kuzima. Anayatsanso. Kuzima!

"Madamu, siponji yanji iyi yokana moto?"

"Anaithira mankhwala ku fakitale kuti isamagwire moto msanga," anayankha madamuwo. "Koma musaitenge, a Gladson. Yayamba kufumbutuka, ndipo mankhwalawo si abwino. Ipite ndi galimoto ya zinyalala."

"Chabwino, madamu."

Chabwino wa pakamwa chabe. Chaka chapitacho khola lawo kumudzi linapsa ndi mbaula yowothetsera anapiye m'nyengo yozizira. Ndiye munthu woteroyo mumuuze kuti ataye chinthu chosapsa? Loweruka siponji yonse inakwera njinga.

Amene ankasamala nkhuku kumudziko anali mlongo wawo Zelifa, mayi wamasiye, yemwe ankakhala pakhomo pawo ndi ana ake awiri. A Gladson anakhoma siponji m'zipupa za khola, ina n'kuyala m'zisa. Pasanathe sabata Zelifa anadandaula.

"Achimwene, nkhukuzi zikujompha siponjiyi ngati madeya. Ichotseni chonde, mudzalira nazo."

"Iwe Zelifa, zinthu za ku Area 10 uzidziwira kuti? Sesa m'kholamo, zitosi ukathire m'damu."

Paja kudimba anali ndi kadamu ka nsomba, ndipo zosesa za m'khola zinkapita kumeneko kuti nsomba zinenepe. Tizidutswa ta siponji tinkapita limodzi.

Miyezi inadutsa, ndipo zodabwitsa zinayamba. Misoti inkachedwa kukula. Itayamba kuikira, mazira ambiri ankangosukusa. Anapiye ochepa amene ankaswedwa ankatuluka ofooka, miyendo ili tang'a. Kudamu nakonso tiana ta nsomba tinachepa, tina tili topindika msana.

A Gladson mutu unaima. Chitopa ayi, poti nkhuku za anzawo zinali bwinobwino. Nanga ndi nthenda yanji yogwira nkhuku ndi nsomba nthawi imodzi, pakhomo pamodzi pokha? Chidwi chawo chija chinalowera njira yolakwika. Anayamba kudzifunsa kuti ndani anayamba kunena za kulira, ndipo anadziwa bwanji.

Anamupeza Zelifa pa mjigo, amayi ali thothotho, ndipo anamuloza chala.

"Unadziwa bwanji kuti ndidzalira? Ndiwe wandilodzera ziweto zanga. Mfiti iwe!"

"Ine, achimwene? Ine wobadwa nanu bere limodzi?"

Abale inu, zinali zomvetsa chisoni. Zelifa analira, anamanga katundu, n'kupita ndi ana ake ku tawuni, kumene anayamba kugulitsa masamba pa msika wa ku Old Town. A Gladson anagula nkhuku zina ali ndi mtima woti vuto lachoka. Koma zinachitika ndi zomwe zija.

Kenaka kunabwera mlangizi wa ziweto, a Orton, kudzapereka katemera m'mudzimo. Pakhomo pa a Gladson anaona msoti wina utafa, anautumbula, ndipo m'mimba anapeza tizidutswa tachikasu tili tho.

"Bambo, siponji iyi mwaitenga kuti?"

"Kuntchito. Ndi yapamwamba imeneyo, siipsa."

"Kusapsako ndiye vuto lake. Mankhwala ena oletsa moto akalowa m'thupi satuluka msanga, amakhazikika m'mafuta ndi m'mazira. Amasokoneza timadzi ta m'thupi timene timayendetsa kakulidwe ndi kuberekana, mwa mbalame ngakhale mwa nsomba. Popanda kuyeza sindingalumbire, koma ine ndikukayikira iyoyi. Ichotseni, musaitenthe, ndipo mazirawa ndi nsombazo musadye."

A Gladson anamanga khola lina lopanda siponji, n'kuikamo nkhuku zatsopano. Zinaikira, zinafungatira, zinaswa anapiye athanzi. Apo m'pamene manyazi anawagwira zenizeni. Anapalasa njinga mpaka ku Old Town, ndipo anamupeza Zelifa akuwaza madzi pa mpiru wake.

"Mchemwali, ndinalakwa. Inali siponji ija. Tiye kunyumba."

Zelifa anati, "Ndamva, achimwene. Koma ufiti munandipatsa pa mjigo, mudzi wonse ukumva. Kupepesa mwabwera nokha. Ana anga anzawo ankawathawa kusukulu. Ndiwabwezere kumeneko kuti akatani?"

Mpaka lero Zelifa sanabwerere.

Phunziro: Si chilichonse chotayidwa m'nyumba za mipanda chimene chili choyenera kukhola kapena kudamu, ndipo zina zimawononga mwakachetechete. Komanso amene wakuchenjezani si amene wakulodzani. Fufuzani kaye musanaipitse dzina la m'bale wanu. Musasunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa achibale ndi anzanu onse oweta nkhuku ndi nsomba.