Theka la Disiki ya Malemu

Kutangoda, wokonza makompyuta anapita kwa mlamu wake, mkazi wa malemu achimwene ake. Ntchito yake inali yochepa: kuikira ana sisitimu yatsopano pa kompyuta ya malemuwo, koma yakale, momwe munali zithunzi zawo, isafufutidwe.

Anakhala pabenchi, n'kugawa disiki pawiri. Atayatsanso, panaoneka mizere iwiri yoti munthu asankhepo: sisitimu yatsopano pamwamba, yakale pansi. Anasankha yatsopano. Kachizindikiro kosankhira kanatsika kokha, n'kukaima pa yakale.

Anakakweza. Kanatsikanso.

"Kiyibodi yatha iyi," anatero, n'kuizula. Kachizindikiro kanakwera n'kutsikanso, ngati munthu akumuloza chala.

Mlamu uja anasuzumira pakhomo. "Kodi munawapempha?"

"Ndani?"

"Eni ake. Ine zaka zonse zija bulangete sanandigawireko, ndiye inu mungofika n'kuwadulira theka?"

Wokonza uja anaseka pang'ono chabe. Achimwene akewo ankawadziwa bwino. Ali ana ankagona bedi limodzi, ndipo iye ankadzukira pansi.

"Achimwene," ananong'ona akuyang'ana sikirini, "ndi za ana anu omwe izi. Ndangotengako pang'ono."

Fani ya kompyuta inangoti zii. Mlamu anali atabwerera kale kukhitchini, mbale zikumveka kugundana.

Kenako benchi linalira kumapeto kwinako, ngati pakhala munthu wathupi. Chiuno chozizira chinamukhudza, n'kuyamba kumukankhira kumphepete pang'onopang'ono, monga kale muja.