Khosi la Gitala ya Misheck

Duncan anatsinzina diso limodzi, n'kukweza gitala ija ngati mfuti, kuyang'ana khosi lake kuyambira kumutu mpaka kumimba. Mayi amene anaibweretsa, Prisca, anali pa benchi, manja pa mawondo, osaphethira.

Pa Chintheche ponse wokonza zoimbira anali Duncan yekha. Anachoka kwawo ku Dedza kudzagwira ntchito ku esiteti ya labala, koma chomwe chinam'khazika ndi mawailesi ndi magitala a m'matchalitchi.

Gitala iyi ankaidziwa. Inali yamagetsi, yofiira, mwini wake Misheck, mwamuna wa Prisca. Loweruka likubweralo Misheck ndi anzake a bandi ankanyamuka kupita ku Joni, komwe wina anawalonjeza malo oimbirako. Koma sabata yomweyo gitala inayamba kulira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Misheck anangoiponya pakona n'kusiya kudya. Amene anaikulunga m'chitenje n'kukwera nayo kabaza anali mkazi wake.

"Akazi otere atsala ochepa," Duncan anatero chamumtima.

Anadina nsambo yaikulu kumayambiriro ndi kumathero kwa khosi, n'kusuzumira mpata wa pakati pa nsamboyo ndi timizere tachitsulo. Mpatawo unali waukulu, woti kamtengo ka machesi n'kudutsa. Anachitanso chimodzimodzi ndi nsambo yaing'ono ya mbali inayo. Iyo inali itagoneratu pa timizere, popanda mpata olo pang'ono.

Anatenga kasipanala n'kupotokola chitsulo cha m'kati mwa khosi. Mbali ya nsambo zikuluzikulu inawongoka, inayo n'kufufuma. Anabweza. Yofufumayo inatsika, yoyamba ija n'kubwerera mwakale.

"Ada, ichira?" anafunsa Prisca, kumutchula bambo m'chiyankhulo cha kunyanjako.

"Amama, khosi likangopindika timaliwongola ndi chitsulochi. Ili silinapindike ayi, lapotoka. Mtengo wamwa chinyontho mbali imodzi. Denga lanu limadontha?"

"Limadontha."

"Basi, ndi chimenecho. Kuphatikiza mphepo ya kunyanjayi."

"Nanga tikapita nayo ku Mzuzu?"

"Ngakhale ku Blantyre. Pakufunika khosi lina, ndipo la mtundu uwu simungalipeze Loweruka lisanakwane."

"Ndiye kuti a Misheck ku Joni sapita?"

"Ndi gitala iyi, ayi. Anzawo atenga wina."

Prisca anaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Duncan anayang'ana kumbali, chifukwa misozi ya mkazi wa mwini sapenyetsetsa. Anayesanso kasipanala kaja, osati poti ankayembekezera kanthu, koma kuti mayiyo aone kuti munthu wayesetsa. Anam'langiza kuti akam'fikire mwamuna wake mofatsa, atadya kaye.

Mayiyo anapukuta m'maso, anaikulunga gitala bwinobwino ngati khanda, n'kuimirira.

"Yewo, ada. Mwandimasula," anathokoza motero. "Bambo anga anapita ku Joni ine ndili kumsana, achimwene anganso anatsatira. Palibe amene anabwerako. Khosili ndinaliviika ndine, m'beseni la madzi oviikamo chinangwa. Ndinkangoopa kuti mwina ndinalivuula msanga."